Diresi ya Chinkhoswe Yafupika

Kutatsala tsiku limodzi kuti mwana wawo Mazvita achite chinkhoswe ku Chegutu, Mayi Alinesi a ku Ingezi anasiyira amuna awo, a Morrison, diresi yawo yatsopano yachitenje kuti awachapire. Atabwerako kumsika n'kuiyeza, diresi yofika m'akakolo ija inalekeza pamwamba pa mawondo.

"Maiwe! Bambo a Mazvita, mwaitani diresi yanga?"

"Ndachapa, monga munanenera."

"Sindinati musachape ndi madzi otentha?"

"Munatero. N'chifukwa chake ndachapa ndi owira."

"Owira!"

"Otentha ndi ena, owira ndi ena, mayi. Funsani aliyense."

Mayi Alinesi anakokera diresi m'munsi. Inabwereranso m'mwamba.

"Nanga mtundu wathawira kuti? Ndinati muyanike pamthunzi!"

"Ndinayanika pamthunzi wa mpapaya uja."

"Ndiye yawauka bwanji chonchi?"

"Mthunziwo unachoka masana. Ine simunandiuze kuti ndiziulondola."

"Inu munali kuti?"

"Pamthunzi."

Mayiwo anagwira kumutu, kenaka anaona chibowo chakuda paphewa.

"Apa pokha musandiuze kuti ndi dzuwa."

"Ayi, pamenepo ndi simbi. Munati posita nditembenuze."

"Eya, kutembenuza diresi!"

"Aaa, diresi? Ine ndinatembenuka ndekha. Kusita utafulatira si masewera, mayi, ndapsa chala ichi."

"Asebele anga akandiona miyendo ili pamtunda akati chiyani? Akati mwana wawo akukwatira kubanja lotani?"

"Mungokhala pansi tsiku lonse."

"Mayi wa mkwatibwi osavina? Ndivina, olo m'mvula! Shuwa, munthu munagwira ntchito kufakitale ya nsalu mpaka imvi, osadziwa kuti thonje limafupika?"

"Kumeneko tinkaluka. Zochapa sitinkachita."

"Basi! Kuyambira lero musadzakhudzenso chovala changa. Mwamva?"

A Morrison anaweramitsa nkhope kubisa kumwetulira. "Ndamva. Ndi chisoni, koma ndamva."

Mayi Alinesi anawayang'anitsitsa, kenaka anatsegula wadiropu. Munali malaya a bambowo a nsalu yomweyo ya chinkhoswe, owala, osalala, kolala itaima njo.

"Awa anachapa ndani?"

"Ine."

"Ndi madzi anji?"

"Ozizira, ndi kamchere pang'ono kuti mtundu usa..." Anatseka pakamwa.

"Ehe-e. Pitirizani."

"Za malaya simunasiye malangizo, mayi."

Mayiwo anatenga sizasi, anayala malaya aja patebulo, n'kuyamba kuyeza ndi chikhato.

"Mukutani? Mayi a Mazvita!"

"Msana uwu ukwana kulumikiza m'munsi mwa diresi. Kutsogoloku kulowa m'mbali. Manjawa atseka paphewa."

"Nanga ine ndikavala chiyani? Achibale anagwirizana kuti tonse tikavale nsalu imodzi!"

Sizasi inalira, khwepu! Mayi Alinesi anawapatsa kolala yokha ili ndi batani lake.

"Anati nsalu imodzi, bambo. Sananene kuti ikhale yaikulu bwanji."