Zibowo za Padenga la Ambulansi

Pa siteji ya Liwaladzi, mayi wina wogulitsa mpunga anafunsa bambo Sailesi za chitini chomwe anafukata.

"Ndi fila, phala lomatira zibowo za galimoto, mayi. Ndinagula ambulansi yakale kuti ikhale minibasi. Nditachotsa nyali ndi sayirini, padenga panatsala zibowo zinayi."

"Ndiye mukangomata?"

"Ayi, fila yekha amagwa. Tikawotcherera kaye tizitsulo, kenako timate, tipale ndi sandipepa, tipente. Koma mtima suli m'malo. Anthu akuti sangakwere galimoto yomwe munkafera odwala."

"Kufera? Ine mwana wanga wachisamba anabadwira mu ambulansi, tisanawoloke Bua. Pano ali Fomu 2."

"Zoona, mayi?"

"Kamateni bwino, bambo, mpunga wanga usadzanyowe. Ndipo mpando wakutsogolo ndi wanga."