Nyimbo ya Gitala ndi Chitseko

Katswiri wina wa gitala, wopeka nyimbo zopanda mawu zija anthu amamvera atavala masuti, anatha miyezi akulemba nyimbo ya zida ziwiri: gitala ndi chitseko cha kukhitchini kwake, chomwe chinkalira momvetsa chisoni chikamatseguka. Tsiku loti a wailesi adzaijambule, anakankha chitsekocho ndipo chinatseguka chili zii, kuseri kwake kutaima amalume ake odzacheza, makanika wopuma ntchito wa manja oyabwa, kabotolo ka oyilo kali m'manja.

"Amalume, chitsekochi mwachitani?"

"Usathokoze, mphwanga. Timadontho chabe."

"Mwandiphera woimba mnzanga. Nyimbo yanga, gitala ikafunsa, chitseko chimayankha."

"Aa, si iwe unati dzulo chitsekochi chikukusowetsa tulo?"

"Chifukwa chochikonda, amalume. Ndimagona ndikuchiganizira."

"Ndiye lero ugona bwino."

Wagitala anagwira mutu. Mwayi wa pawailesiwu anaudikira zaka, ndipo mantha anamugwira ndithu.

"A wailesi akufika masana ano. Chibwezereni mmene chinalili."

"Ine moyo wonse ndagwira m'galaja, palibe anandipemphapo kuti ndimuwonongere chinthu. Dzimbiri sagulitsa m'sitolo, mphwanga."

"Pukutani oyiloyo basi."

"Oyilo wanga akalowa, walowa," anatero amalume akudziguguda pachifuwa. "Chaka chino sichiliranso."

Wagitala anathamangira kubafa, n'kukankha chitseko cha kumeneko. Zii. Cha kabati, zii.

"Usavutike, ndathira ponse," amalume anamuuza akumutsatira. "Mazenera, geti, ngakhale wilibala ya aneba. Gitala yakoyonso ndinaimva ikulira ngati ikumva kuwawa, kungoti ndinasowa pothira."

Wagitala anakumbatira gitala yake ngati khanda.

"Simukumvetsa. Chitseko chija chinali ndi mawu osowa. Chinkayambira pansi, n'kukwera pang'onopang'ono, chonchi." Anakhwekhwereza chala pa chingwe cha gitalayo.

"Iyayi, sichinkatero."

"Amalume, ine ndinapita kusukulu ya nyimbo."

"Ukapite kawiri. Ine ndachimvera chikundiboola m'khutu chibwerereni. Pamwamba pankati ngwiiii, pansi n'kumalizira kho-kho-kho."

Wagitala anaima chilili, kukamwa yasa.

"Tabwerezani."

"Ngwiiii, kho-kho-kho. Chavuta n'chiyani?"

"Ndi chomwecho, ndendende. Amalume, imani apa. Ndikagwedeza mutu, muzilira."

"Ine? Munthu wamkulu, wa zidzukulu, ndikhale chitseko pawailesi? Azakhali ako akamva ndikalowera kuti?"

"Sakuonani, angokumvani."

"Ndiye poipa pomwepo. Kulira kwangaku amakudziwa."

"Amalume, nyimbo yanga yawonongeka. Ndikungopempha kuti mundikonzere."

"Kukonza?" Amalume anaika kabotolo pansi n'kupinda manja a malaya. "Bwanji osanena poyamba? Yamba."

Gitala inafunsa, amalume anayankha. Inafunsanso, anayankhanso, maso ali chitsinzinire. Wagitala anayamba kumwetulira, mtima utakhala pansi, zala zikuthamanga. Mwadzidzidzi amalume anakweza dzanja.

"Taima. Walowa msanga."

"Ine? Nyimboyi ndinapeka ndine."

"Ndisanamalize kho womaliza, gitala izikhala chete. Tiyambirenso. Ndipo a wailesiwo akafika uwauze ayambe kutchula dzina langa. Iwe ukungondiperekeza."