Chidindo pa Mzere wa Mboni

Malemu anabadwa pa 9 Novembala 1957 ku Yeongju, m'banja la alimi a maapulo, ndipo makolo anawatcha Yeom Byeong-ho. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Seok Tae-gon, mlamu wawo, mlongo wake wa mayi ofedwawa. Ndikuona ena mukukodolana. Mukudziwa kuti kwa zaka zoposa makumi awiri ndakhala ndikuuza anthu kuti malemu anandibera nzeru kuntchito. Komatu amene anasankha kuti ndiime pano ndi iwo eni.

Anayamba sukulu mu 1964, ndipo mu 1976 anapita ku yunivesite ku Daegu kukaphunzira zamagetsi. Kumeneko n'kumene tinakumana. Ine ndinkawerenga mpaka maso kufiira, iwo ali kubwalo la mpira, koma zotsatira zikatuluka dzina lawo linali pamwamba, langa pansi pake. Zaka zinayi zonse, anthuni!

Titamaliza usilikali umene mnyamata aliyense amayenera kuchita, mu 1983 tinalembedwa ntchito tsiku limodzi pa kampani yopanga tchipi, tizipangizo tosunga zinthu m'makompyuta ndi m'mafoni. Pa 12 Meyi 1985 anakwatira mlongo wanga Yeong-ran. Mayi anga, amene sankayamikira munthu wamba, anayamba kupakulira mkamwini nthuli zonona, ine mwana wobereka okha n'kumapatsidwa msuzi. Pachithunzi cha ukwati ndikumwetulira, koma mtima unali kuwawa.

Ntchito imene inawatchukitsa inachitika m'chaka cha 2000. Achibale amene simuli a ntchitoyi, mvetserani. M'katchipi muli tizipinda mamiliyoni, kalikonse kosunga kadontho ka magetsi, ndipo timadontha ngati ndowa yobooka. Kuti zosungidwa zisafufutike, tchipi imayenera kumathiramo magetsi mobwerezabwereza, ngakhale foni ili phee m'thumba. N'chifukwa chake batire linkatha mwini wake asanaimbe n'komwe.

Mu Januwale chaka chimenecho, ine ndinaonetsa malemu zimene ndinayeza, zoti tchipi zathu zikazizira zinkadontha pang'onopang'ono kuposa mmene tinkaganizira. Ine ndinangoona, iwo anaganiza. Pasanathe mlungu anajambula kachipangizo koyeza kutentha koti kakhale m'kati mwa tchipi momwemo, kuti kukazizira kuthirako kuzichepa, magetsi n'kupulumuka.

Apa ndiwerenga pang'onopang'ono, poti mlandu suola. Mwambo wa ntchito yathu ndi wakuti nzeru yatsopano imalembedwa m'buku, ndipo pansi pa tsamba pamakhala mizere iwiri. Wina ndi wa eni nzeruyo, wina ndi wa mboni imene yawerenga n'kumvetsa. Amene wadinda chidindo cha dzina lake ngati mboni sangawerengedwenso ngati mwini. Ndakhala ndikunena kuti malemu anandipusitsa, anandilozera mzere wa mboni ine ndili pachangu. Limenelo linali bodza. Anandipempha katatu kuti ndidinde pa mzere wa eni, pafupi ndi dzina lawo. Ndinakana chifukwa cha mantha. Ndinkaganiza kuti kachipangizoko kakadzangolakwitsa, zithunzi ndi manambala a anthu zidzafufutika, ndipo akuluakulu adzafuna woti amuloze chala. Ndinati dzina la mlamu lipse lokha. Ndinatenga chidindo changa, ndinachinyika mu inki yofiira, n'kudinda pa mzere wa mboni maso ali tong'o.

Kachipangizoko sikanalakwitse. Mu 2002 malemu anakwezedwa kukhala mkulu wa gulu lathu, ndipo ine ndinayamba kuwaweramira m'mawa uliwonse. Achinyamata ankaphunzitsidwa za njira ya a Yeom, ine nditakhala kumbuyo ndikumeza malovu owawa. Pamenepo m'pamene ndinayamba kunong'oneza anthu, poyamba kumowa, kenako kwa abale. Bodza linakula mpaka mabanja athu analeka kupitira limodzi kumanda a makolo pa chikondwerero cha zokolola cha Chuseok. Mlongo wanga anakhala pakati, osadziwa kuti akhulupirire amuna ake kapena ine. Malemu sanadziteteze ngakhale tsiku limodzi. Anapuma pa ntchito mu 2017.

Mu Malichi 2023 anawapeza ndi khansa ya m'chiwindi. Anapirira chaka ndi miyezi isanu ndi iwiri. Mwezi wathawu anatuma mwana wawo kudzandiitana kuchipatala. Ndinapita nditakonzekera kukalipiridwa, koma anangondifunsa za bondo langa. Kenako anandiuza kuti anakhala chete chifukwa akanayankhula, mkazi wawo akanataya mlongo wake yekhayo. Anapempha kuti mbiri yawo ndidzawerenge ine, ndipo anati zoti ndilembemo ndisankhe ndekha. Ndikuuzeni zoona, ndinatuluka m'chipindamo ndi nsanje yatsopano. Ngakhale pa kukhululuka, munthuyu anandiposanso.

Anatisiya m'mawa wa pa 14 Okutobala 2024, ali ndi zaka 66. Asiya mkazi wawo a Seok Yeong-ran, ana awiri, Ha-jin ndi Do-gyeong, zidzukulu zitatu, ndi mng'ono wawo a Yeom Byeong-gu amene akusamalabe munda wa maapulo. M'malo mwa banja ndikuthokoza madokotala ndi anamwino, anzawo akuntchito amene anyamula bokosi, ndi amayi amene akhala akutipakulira msuzi masiku atatuwa.

Ha-jin ndi Do-gyeong, yendani mutadzutsa mutu, bambo anu sanabe kanthu kwa munthu. Yeong-ran mlongo wanga, ngati sudzandiyankhulanso, ndidzamvetsa.

Alamu, ndanena zonse pamaso pa anthu. Mzimu wanu uuse mumtendere.