Dzenje lodikira woweruza

Basi yodutsa kundende inkachedwa ngati yankho la kalata yachikondi. Kumbuyo kwanga pamzere, mtsikana wina ankacheza ndi mayi wachikulire.

"Bwenzi langa anamupatsa zaka ziwiri," anatero mtsikanayo. "Ndinadzala papaya tsiku lomwelo. Akadzatuluka tidzadyera limodzi pakhonde, kenako ukwati basi."

"Papaya? Ndiwe wamwayi, mwanawe. Mnzanga wina anadzala mtengo wa mapeyala, poti amuna ake anawapatsa zaka khumi. Mthunzi wayamba kale."

"Nanga wanu, mayi, anamupatsa zingati?"

"Mwana wanga sanaweruzidwe. M'chipinda mwawomo ambiri ndi otero, anyamata okhaokha odikira khoti. Chino n'chaka chachitatu."

"Ndiye inu munadzala chiyani?"

"Dzenje ndinakumba, ndipo ndimalithirira m'mawa uliwonse. Mbande ndidzasankha woweruza akadzayankhula."