Pomwe Madzi Anafika

Ku Sallowford alendo sabwerera tchalitchi kapena msika wa Loweruka ayi. Amabwera kudzajambulitsa pansi pa mizere ya pamakoma yosonyeza pomwe madzi anafika mtsinje utasefukira. Tsono chaka chino, mtsinje utasefukiranso, dalaivala wa basi ya alendo ananeneratu kuti aziima malo amodzi okha, pomwe mzere watsopano uli pamwamba kuposa ponse: kaya pa tiyirumu ya Mayi Pargeter kumtunda kwa msewu, kaya pa bala ya a Tull kumunsi, m'mphepete mwa mtsinje.

Mayi Pargeter ankadziwa kuti basiyo ikawaphonya, masikono awo adzadyedwa ndi abakha, tiyirumu n'kutsekedwa. Kale aliyense ankapenta yekha khoma lake, ndipo madzi ankakwera malinga ndi kutalika kwa mkono wa mwini nyumba. Ulendo uno akhonsolo, atatopa ndi mikangano, anatumiza mmisiri mmodzi, a Clive Dunnock, munthu woti ukamuuza kuti dikira pompo umamupeza mawa ali pompo.

"Mwadzuka bwanji, Mayi Pargeter?" anatero a Clive, akutsitsa chitini cha penti ndi levulo yoyezera kuwongoka kwa mzere. "Andiuza kuti ndifunse munthu amene anawaona madzi ndi maso ake. Ine nthawi imeneyo ndinali ku Spain kwa mwana wanga."

"Ku Spain? Nyengo yonseyo?"

"Yonse."

"Ambuye ngabwino. Kwa Tull mwafikako?"

"Sanadzuke."

"Asadzuke. Mboni mwaipeza, ndi ineyo."

Kunena zoona, madziwo anangonyambita sitepe n'kunyowetsa kachiguduli ka pakhomo. Koma Mayi Pargeter anagunda khoma ndi chala, molingana ndi chiuno chawo.

"Apa."

"M'chiuno?" A Clive anatembenuka, nayang'ana kumunsi kwa msewu, akukanda m'mutu. "Eee. Makwerero anga afika, koma movutikira."

"Makwerero a chiyani pa chiuno? Mukufuna kupenta mutagwada pamwamba pake?"

"Pajatu mzerewu ndi wa msewu wonse, mayi, ndiye..."

"Za msewu wonse mukakambe ndi akhonsolo. Ine ndikunena za khoma langa."

Mayi Pargeter nawonso anaponya maso kumunsi. Mzere wakale wa a Tull unkaoneka bwinobwino, wa m'mapewa, wonenepa ngati mwini wake. Mtima unawawawa.

"Dikirani. Ndakumbukira. M'chiuno munali m'mawa. Pofika masana anali m'khosi."

"M'khosi mwa ndani?"

"Mwasiyana chiyani?"

"Mwasiyana, mayi. Khosi lanu lili apa, langa lili apa."

"Lanu."

"Koma ine kunalibe."

"Mukanakhalapo akanakufikani m'khosi! Iii, bambo inu!"

A Clive anaika choko pakhoma molingana ndi khosi lawo, kenaka anasuzumira pazenera, nkhope itagwa.

"Ndiye masikono?"

"Anayandama."

"Onse?"

"Anatuluka pakhomo ali pamzere, kulowera kumsika."

"Mayo! A zipatso zouma aja?"

"Amenewo ndiye anatsogolera."

"Nanga mphaka?"

"Anakwera pa kabati."

"Kabati iyo? Ikulekeza m'phewa mwangatu. Ndiye kuti anamira." A Clive anavula chipewa. "Pepani, mayi. Anali mphaka wa ulemu."

"Sanafe! Suyo akukuyang'anani pazenerapo?"

"Ndiye anapuma bwanji?"

Apa munthu wanzeru akanatsitsa madzi pang'ono kuti mphaka apume. Mayi Pargeter kubwerera m'mbuyo sadziwa. Iwo anakweza mphaka.

"Tinakwera m'chipinda cham'mwamba."

"Oo, ndiye munapulumuka bwino."

"Bwino chiyani? Anatitsatira! Sitepe ndi sitepe, ngati mlendo wofuna chimbudzi."

"Mpaka m'mwamba?"

"Mpaka pansi pa zenera ilo. Ine, mphaka ndi ketulo tinagona padenga."

A Clive anayang'ana zenera, nayang'ananso kumunsi kwa msewu, n'kuimba kamluzu kotsitsa.

"Ayi, apa makwerero anga safika."

"Safika bwanji? Otsuka mazenera amafika ndi omwewo."

"Pano afika. Ndikunena uko."

"Uko kukukhudzani chiyani?"

"Ndikuganiza za a Tull, mayi. Anapulumuka bwanji bambo amene uja?"

"Munthu wonyowa kale m'kati madzi samuopsa."

"Komabe ndiyenera kubwereka makwerero a anyamata okonza denga la tchalitchi."

"Bwerekani ngakhale a ozimitsa moto, bola mzere wanga ukhale pansi pa zenera."

"Chabwino. Koma akhonsolo ati mboni itsimikize, chifukwa penti ameneyu safufutika."

"Ndiye amene ndikumufuna."

"Mukutsimikiza?"

"Pali amuna anga a Leonard kumanda!"

A Clive anavulanso chipewa. A Leonard ankawadziwa, ankawedza limodzi pa mlatho. Anakwera makwerero awo, naika levulo pakhoma, nakoka mzere wakuda wowongoka bwino pansi pa zenera, n'kulemba chaka pambali pake. Mayi Pargeter anauyang'ana manja ali m'chiuno, ndipo chimwemwe chake anawapatsa a Clive sikono yaulere, chinthu chimene sichinachitikepo m'tauni muno.

Loweruka analawirira kuphika. Masikono, jamu, kirimu, nsalu zoyera pamatebulo, ngakhale mphaka anavekedwa kariboni. Chakumasana basi inatulukira pakona, inachepetsa liwiro pakhomo pawo, dalaivala anasuzumira m'mwamba n'kugwedeza mutu mokhutira. Mayi Pargeter ananyamula tipoti, akumwetulira mpaka mano a m'mbali.

Kenaka mlendo wina m'basimo anakuwa, akuloza kutsogolo. Mitu yonse inatembenuka. Basi ija inangoti seee, kutsetsereka, n'kukaima pa bala ya a Tull.

Mayi Pargeter anathamanga tipoti ili m'manja. Mzere wawo uja sunathere pakhoma pawo. Unadutsa pamwamba pa zenera la wogulitsa mabuku, padenga la wogulitsa nyama, n'kumakwererakwerera pomwe msewu ukutsika, mpaka unakazungulira chumuni cha a Tull. Pansi pake alendo anali piringupiringu ndi mafoni, a Tull ali pakati, akuwaonetsa ndi manja mmene anasambirira. A Clive anali akutsika pa makwerero a tchalitchi.

"Clive Dunnock! Mwachita chiyani?"

"Mwaswera bwanji, mayi? Wawongoka, eti?"

"Ndani anakuuzani kuti mumupentere ameneyu?"

"Akhonsolo. Msewu wonse, mzere umodzi. Ndinakuuzani paja."

"Pa chumuni?"

"Ndangotsata levulo kuchokera pa zenera lanu. Madzi sakhala ndi msana, mayi. Akafika pazenera kumtunda, kumunsi kuno ndiye kuti kwatha."

"Kwake kuno anafika m'mawondo! M'mawondo basi! Ndinamuona ndi maso angawa akukolopa!"

"Nawonso poyamba amatero. Koma nditawafotokozera zomwe munaona inu, anakumbukira."

"Anakumbukira!"

"Zonse. Akuti masikono anu anawadutsa ali m'madzi. Imodzi anaidya."

Mayi Pargeter anayang'ana kumtunda, komwe matebulo awo anali mbee, opanda ngakhale munthu mmodzi, ndipo misozi inalengeza. Anatsitsa mawu.

"A Clive, tamverani. Fufutani."

"Safufutika."

"Pakani woyera pamwamba. Tiyambirenso, aliyense ndi khoma lake, ngati kale."

"Pa chifukwa chanji?"

"Chifukwa ndinanama! Mwamva? Madzi ananyowetsa kachiguduli ka pakhomo, basi. Padenga sindinagonepo, ndimachita chizungulire ndikangokwera pampando."

"Ndi mantha amenewo. Anthu opulumuka pa zoopsa amatero, ndinaonera pa TV."

"Si mantha!"

"Pumulani kaye, mukalankhule bwino ndi alendowo. Akukudikirani."

"Ine?"

"A Tull awauza kuti mboni yawo ndinu."

Ndipo zoonadi a Tull anali akuwakodola ndi dzanja, alendo atatembenuza kale mafoni.

"Ndikukupemphani, bambo, tsitsani mzerewo pomwe madzi anafikadi!"

A Clive anatseka chitini cha penti, napukuta burashi pa ovolosi, n'kuwayang'ana ndi chisoni chenicheni.

"Munthu munagona padenga ndi mphaka, munalumbira pa a Leonard, lero mukufuna ndilembe kuti munangonyowa chiguduli? Pepani, Mayi Pargeter. Ine bodza sindipenta."