Makadi a Bambo Kudo Anali M'migolo Yanga

Malemu amuna anga, a Shigeharu Kudo, anabadwa pa 9 February 1939 konkuno ku Noshiro. Mwana wathu Masanobu analemba mbiri yokoma, koma ndamulanda pepala. Ndiyankhula ndekha, ine Tomeko, ngakhale sukulu ndinalekera panjira.

Atamaliza sukulu mu 1954 anayamba ntchito yonola macheka pa fakitale ya matabwa, ndipo anapuma mu 1999. Tinakwatirana mu 1963.

Mu 1968 anagula wailesi yoyankhulirana ndi anthu akutali, n'kuzika mlongoti padenga. Anayamba kuphunzira Mosi, kuyankhula kogogoda kuja. Ine ndinkatchula zilembo, iwo n'kumagogoda patebulo ndi timitengo todyera. Akalakwa ndinkawaseka kuti mutu wawo ndi chipika. Miyezi isanu imeneyo ndiyo inandikomera m'banja lonse. Atakhoza mayeso a chiphaso cha wailesi anadzitsekera chitseko. Kwa anthu a ku Brazil amagogoda maola atatu, kwa ine mawu atatu: chakudya, kusamba, kugona.

Inu a kalabu ya wailesi mukudziwa mwambo wanu. Mukayankhulana pamphepo, aliyense amatumizira mnzake khadi la umboni, ndipo wolandira osabweza si munthu. Malemu ankalemba makadi awo Lamlungu lililonse, n'kundipatsira kuti ndikaponye ku positi. Kuyambira mu 1981 sindinaponyeko ngakhale limodzi. Ndinkakawaika m'migolo yakale yoviikira ndiwo, kushedi. Ndinati anzawo akawanyanyala, mwina atembenuka n'kundiona.

Munawanyanyaladi. Munawatcha Chitsime, poti choponyedwamo sichibwerera. Mu 1994 a Hatakeyama, amene mwakhala kutsogoloku ndi ndodo yanu, munawadzudzula pamsonkhano pamaso pa achinyamata a m'kalabu. Malemu anawerama mpaka chipumi kugunda pansi, n'kupepesa, n'kutuluka m'kalabu. Atafika kunyumba anadya mpunga wawo. Ine ndinawaonjezera msuzi. Kutembenuka sanatembenuke, ankangokhala pawailesi kumvetsera anzawo, dzanja lili pabondo.

Mu March chaka chatha anawapeza ndi khansa ya m'mapapo. Sabata yatha kuchipatala anandiuza kuti amadzimvera chisoni pondivutitsa ndi maulendo a ku positi zaka zonse zija, chipale chofewa chili m'mawondo. Munthu wotani ameneyu, wosakayikira mkazi wake ngakhale tsiku limodzi? Ndinakwiya. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule, koma ndinangowafunsa ngati akufuna madzi. Anatisiya pa 14 November 2019, ali ndi zaka 80.

Asiya ine, ana awiri, Masanobu ndi Yukie, ndi zidzukulu zitatu. Ndikuthokoza anamwino, ansembe a pakachisi pano, ndi amayi oyandikana nafe amene aphika. A kalabu mwabwera anayi okha. Sindikukudzudzulani.

Potuluka mulandira tiyi ndi mchere wodziyeretsera monga mwa mwambo. Pambali pake pali migolo itatu. Muli makadi a zaka khumi ndi zitatu, akununkha ndiwo, koma maina akuwerengeka. A Hatakeyama, anu ndawamanga padera, alipo makumi anayi ndi limodzi. Enawo muwafikitse kwa eni ake amene akadali moyo, ndipo muwauze kuti a Kudo anayankha. Dzina lija la Chitsime mundipatse ine.

Bambo, usani mumtendere. Ku positi ndachedwa.