Tsiku Limene Ndinakweza a Kalinde pa Njinga

Abale, ine ndinali munthu wa chidani, ndipo ndinkachisamalira ngati nazale ya fodya.

Ndinkagwira ntchito yosanja katundu m'sitolo yaikulu ya mitengo yotsika pa boma, ija inali ndi nthambi m'maboma ambiri. Matipate atabwera, kaunjika ndi katundu wa pa boda zinadzaza pakhonde pathu penipeni. Makasitomala anayamba kuthera panja.

Loweruka lina a Kalinde, amanijala athu, anatiuza kuti tikweze katundu yense m'lole, ati sitolo aipenta. Tinakweza tikuimba. Lolemba tinapeza loko pachitseko ndi chikalata chakuti kampani yatseka nthambi zonse. A Kalinde ankadziwa kalekale. Anatichotsetsa ntchito ndi manja athu omwe, osanena ngakhale pepani.

Ndinalowerera m'kachasu. Mkazi wanga anatopa nane, nabwerera kwawo ku Mkanda. Ndinayamba kabaza pa Kamwendo, ndipo tsiku silinkapita osawatemberera a Kalinde powatchula dzina.

Patapita zaka, mayi wina anandiimitsa dzuwa lili paliwombo. Amuna ake ankafunika kuchipatala msanga. Kuwayang'ana bwino, ndi a Kalinde, ataonda, milomo itauma gwa. Iwo sanandizindikire.

Ndinawakweza, mayiwo n'kumabwera pambuyo wapansi. Panjirapo pali chitsetse chothera pa mlatho, ndipo ndinatsimikiza mtima kuti ndikawagwetsera pamenepo. Akanandifunsa ndani? Njinga zimagwa tsiku lililonse.

Titayamba kutsetsereka, anandigwira m'chiuno nati, "Achimwene, ine mphamvu ndilibe. Ndadalira inu."

Zala zanga zinafinya mabuleki ndisanazitume. Ndinatsika n'kukankha njinga mpaka kuwoloka mlatho, misozi ya ukali ili chuchuchu. Amene anagwira mabulekiwo ndi Yesu, pakuti ine sindinkafuna.

Lamulungu lotsatira ndinadzagwada kutsogolo kuno m'tchalitchi muno. Kachasu ndinasiyira pomwepo.

Sindikunamizani kuti a Kalinde ndimawakonda. Anachira, ndinawauza kuti ndine yani, ndipo mpaka lero sanapepese. Tikakumana mtima umandiwawabe, koma moni ndimapereka. Alemekezeke Mulungu amene anakana kuti ndikhale wakupha.

Ngati pali munthu amene mukumufunira maliro, musadikire kuti mkwiyo uyambe watha. Bwerani nawo lero. Ine ndinabwera ndikukukuta mano, ndipo Ambuye anandilandira choncho.